Hutala pa Maliro a Asewere Anga

Nkhani iyi ndiinena kamodzi basi. Anthu a ku Madzimoyo aikometsera kwambiri. Ena akuti ndinafika ndikuimba, ena akuti ndinali nditamwa. Ine sindimwa. Kuimbanso sindiimba, ngakhale m'tchalitchi. Zimene zinachitika n'zoipa kale pazokha, sizifunika kuthirako mchere.

Ntchito yanga ndi ya mawaya a galimoto. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Ntchito ndinaiphunzira pa galaja ya ku mishoni, kwa mzungu wina amene ankatikwapula ndi nsanza ya mafuta tikataya nati. Ophunzira tinali awiri, ine ndi a Daka. Iwo anatenga za injini, ine ndinatenga za mawaya. Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma a Daka ankauza anthu kuti mawaya ndi ntchito ya telala, kumangolowetsa ulusi pabowo. Inenso ndinkauza anthu kuti a Daka kumasula amadziwa, kumanga ayi. Tinakhala choncho zaka zoposa makumi anayi. Tsiku lina pakhomo pa tchalitchi, anthu akumva, ndinanena kuti a Daka akadzafa magalimoto a m'Chipata adzapuma, ndipo ine ndidzavina. Ndinali nditakwiya. Ine ndinaiwala, koma anthu anasunga.

Kenaka ana anatichita chipongwe. Tereza, mwana wanga wotsiriza, anakwatiwa ndi mwana wa a Daka. Tinasanduka asewere. Mwamuna wake amayendetsa magalimoto akuluakulu a katundu, pakhomo sakhalitsa, ndiye Tereza amakhala ndi apongozi ake pamudzi pawo ku Madzimoyo. Ine ndikalankhula kanthu kwathu ku Nabvutika, mawuwo amakampeza iye pa mjigo. Anandiuzapo kamodzi, mwaulemu, kuti ndizikumbukira kumene iye amagona. Ndinayesetsa kutseka pakamwa. (Amake Tereza akuti sindinayesetse. Iwo sakudziwa zimene ndinameza.)

Tsopano za galimoto. A Sakala, mlimi wa fodya wa ku Chipangali, anaipeza m'chigafa chakale pa famu imene anagula. Kagalimoto ka ku Mangalande, kofiira, ka mipando iwiri, kopanda denga, kakale kuposa ufulu wa dziko lino. N'kafupi moti ukakhalamo ukhoza kukanda msewu ndi chala. Nkhuku zinkaikiramo mazira. A Sakala anakapereka kwa a Daka, ndipo a Daka anatha chaka chathunthu akudzutsa injini. Inadzuka. Inkalira bwino kwambiri, ndinene zoona, ngakhale kuti a Dakawo sindinawauze. Atangomaliza anagwa ndi matenda, mbali imodzi ya thupi inafooka. A Sakala anabweretsa galimotoyo kwa ine kuti ndimalize zotsala, hutala ndi maindiketa.

Azungu amene anapanga galimoto imeneyi anaunjika zonse pakati pa chiwongolero. Batani la hutala lili pakati penipeni. Pamwamba pake pali kandodo ka indiketa, kokankhira kumanja kapena kumanzere. Mawaya anayi amachoka pamenepo n'kulowa m'kapaipi kachitsulo, kowonda ngati bango, kamene kamadutsa m'kati mwa mtengo wa chiwongolero mpaka kukatulukira pansi, kutsogolo kwa galimoto. Nzeru yake ndi yakuti chiwongolero chizizungulira koma kapaipi kazingokhala phee. Kakazungulira nawo, mawaya amapotana ngati chingwe cha mbuzi, mpaka amasupuka. Chimene chimagwira kapaipi pansipo ndi kamphete kamkuwa, kochepa ngati njere ya nyemba, kamene nati imakapanikiza. Nati ndinaipeza m'bokosi la zitsulo limene linabwera ndi galimoto. Kamphete munalibe.

Kumene kanali ndinkadziwa. A Daka kuyambira unyamata ankasunga tizitsulo ting'onoting'ono m'chitini cha mkaka. Amake Tereza anati ndipite ndikapemphe, ndikawaonenso matenda. Ndinayankha kuti matenda ndinakawaona kale. (Ndinapitadi kamodzi. Tinakamba za mvula, ndinanyamuka tiyi asanapse.) Kupita kukapempha kamphete kunali kuvomera kuti a Daka ali ndi chinthu chimene ine ndilibe. Ndinatenga chubu chakale cha njinga, ndinadula legeni, ndinakulunga pa kapaipi, ndinamanga nati pamwamba pake mpaka sipanala inandipweteka m'dzanja.

Zina zonse ndinazichita mwaukhondo. Masiku atatu ndinakhala pa benchi ndikupala timikuwa ta m'kati mwa batani, ndikuwongola tisipuling'i, ndikulowetsa mawaya atsopano mmodzimmodzi m'kapaipi muja. Nditalumikiza batire, indiketa inaphethira kumanja, inaphethira kumanzere. Ndinadina batani. Galimoto imeneyi ili ndi mahutala awiri, ina ya mawu aakulu, ina ya mawu aang'ono, ndipo akalira pamodzi agalu a m'komboni yonse amayankha. Ndinaiyesa pabwalo, ndinaiyesa pa phula mpaka kumsika n'kubwerera. Legeni inagwira.

A Daka anamwalira Lachiwiri. Tereza anaimba foni kuti kuika ndi Lachinayi, ndiponso kuti apongozi ake akuti ndifike msanga, ndikakhale pamodzi ndi abale. Anawonjeza kuti anthu akhala akundiyang'ana, ndiye ndingofika, ndikhale pansi, ndisanene kanthu. Ndinamuuza kuti ine ndinayamba kupita kumaliro iye asanabadwe. Amake Tereza anatsogola Lachitatu kukagona pasiwa. Ponyamuka anandiuza kuti ndikwere minibasi. Ndinavomera.

Lachinayi m'mawa ndinavala suti yakuda ndi chipewa, ndinatuluka, ndinaona kagalimoto kaja kali pabwalo. Ndinadziuza kuti a Daka ndi amene anadzutsa injini imeneyi, n'koyenera kuti iwaperekeze. Zimenezo ndi zimene ndinadziuza. Zinazo ndi izi: ndinkafuna abale a a Daka aone indiketa ikuphethira. Ndanena.

Ndinanyamula thumba la ufa la chipepeso. M'galimoto imeneyi mulibe malo, ndiye ndinalipanikiza ndi bondo kuseri kwa mipando, n'kulimanga ndi chingwe. Pansi pa malo amenewo ndi pamene pali chivundikiro cha mabatire. Ndinkadziwa, koma sindinaganizepo.

Pa phula zonse zinali bwino. Mphepo inkafuna kundilanda chipewa, anthu a njinga ankacheuka. Nditafika pokhotera ku mudzi wa a Daka ndinakankha kandodo, indiketa inaphethira, ndinapinda chiwongolero. Hutala inati pi. Kamodzi kokha. Ndinati mwina mkono wa jekete wakhudza batani.

Msewu wafumbi uja mvula inali itauwononga. Kagalimoto kafupi chonchi sungakalowetse m'dzenje, umayenera kuzemba, uku ndi uku, uku ndi uku. Kuzemba kulikonse legeni inkaterereka pang'ono, kapaipi kankapotoka, waya wa hutala ankasupuka n'kumakhudza chitsulo. Pi. Patsogolo pang'ono, pi-pi. Titafika pamene msewu uli ndi mizeremizere ngati malata, inayamba kulira motsatana, pi-pi-pipipi, pi-pi-pipipi, ndendende mmene amalizira pa ukwati. Amayi amene anali pa mjigo anasiya zidebe n'kuyamba nthungululu. Mmodzi anathamangira kumsewu akukupiza chitenje, kufuna kuona mkwatibwi. Anaona nkhalamba ya suti yakuda ndi thumba la ufa.

Pamenepo ndinayenera kuima. Ndikanachotsa waya mmodzi, basi, nkhani bwenzi palibe. Koma kuima kunali kutsika amayi aja akuona, n'kuyamba kumasula katundu ngati munthu amene galimoto yamukanika. Ndinati ulendo watsala pang'ono, ndingogwira chiwongolero chilili, chisagwedezeke.

Kenaka ndinaona masamba pamsewu. Aliyense amadziwa zoyenera kuchita akaona nthambi zaziwisi zitayalidwa choncho. Wa njinga amatsika, wa galimoto amayenda ngati akukankhidwa, wailesi imazimitsidwa, chipewa chimavulidwa. Ine mwambo ndimausunga. Ndinachepetsa liwiro, ndinachotsa dzanja limodzi pa chiwongolero kuti ndivule chipewa. Tayala linagwa m'kadzenje. Pi-pi-pipipi. Ndinadutsa masamba a maliro a asewere anga chipewa chili m'manja, hutala ikuimba ya ukwati.

Abambo amene anakhala pansi pa mitengo ya mango anadzutsa mitu. Kwaya inaima pakati pa nyimbo. Bokosi linali litangotulutsidwa kumene pabwalo, akatekisti ataima pambali pake ndi buku lotsegula. Kubwerera kunalibe, msewu unathera pomwepo. Ndinapinda chiwongolero mpaka kumapeto kuti ndiime pambali pa nkhokwe, ndipo mawaya aja anagwirana kotheratu. Hutala inasiya pi-pi. Inangoti piiii, mahutala onse awiri, osapuma.

Ndinazimitsa kiyi. Injini ya a Daka inamvera, inazima pomwepo. Hutala yanga inapitiriza, chifukwa pa magalimoto amenewa hutala imatenga moto wake ku batire, sidutsira ku kiyi. (Zimenezi ndaphunzitsapo anthu ambiri.) Ndinamenya batani ndi chibakera. Batani linafwamphuka ndi sipuling'i yake, linagubuduka pabwalo, linakaima pa nsapato ya akatekisti. Iwo analiyang'ana, anandiyang'ana.

Kutuluka m'kagalimoto kameneka ndi mawondo a msinkhu wanga si chinthu chofulumira. Ndinatuluka chokwawa. Ndinalimbana ndi chingwe, ndipo mfundo zanga sizimasuka wamba. Ndinakoka thumba, thumba linakana. Bwalo lonse linali lodzaza anthu, palibe ndi mmodzi yemwe amene anasuntha. Ndinakoka kachitatu ndi mphamvu zonse, thumba linakodwa pa chitsulo cha mpando n'kung'ambika, ufa unakhuthukira pansi. Ndinatsegula chivundikiro, ndinatulutsa sipanala m'thumba la jekete (sindiyenda wopanda sipanala, ngakhale ku Misa), ndinamasula waya wa batire.

Kunati zii. Bata limenelo linali loipa kuposa hutala.

Anabwera a Lukasi, mng'ono wawo wa a Daka. Anayenda pang'onopang'ono, anaima pafupi nane, sanakweze mawu.

"Mwabwera kudzavina, monga munalonjezera?"

Kufotokoza za kapaipi pamaso pa bokosi kukanamveka ngati chipongwe chachiwiri. A Lukasi anapitiriza, anthu onse akumva. Anati nditenge chigalimoto changa ndibwerere kumene ndachokera, manda a mkulu wawo ndisawaponde. Anati akaika maliro akhala pansi akambirane za mwana wanga, ngati n'kotheka kuti azitungirabe madzi banja limene atate ake amaliimbira hutala pa tsiku lotere.

Ndinamufunafuna Tereza ndi maso. Anali pamphasa pakati pa amayi, pafupi ndi khomo la siwa, atafunda chitenje kumaso. Amayi amene anakhala naye pafupi anali atasendera pang'ono, wina uku wina uku, moti pamphasapo panaoneka mpata mbali zonse ziwiri. Za suti, za dzina langa, za indiketa, zonse zinandichoka m'mutu nditaona mpata umenewo.

Ine sindinagwadirepo munthu. Ndimagwada m'tchalitchi mokha. Tsiku limenelo ndinagwada pa ufa wanga womwe, pamaso pa a Lukasi, munthu amene ndinamuona akuyenda wopanda kabudula. Ndinati cholakwa ndi changa ndekha, mwana asamukhudze. A Lukasi anayang'ana kumbali.

Pamenepo pakhomo pa siwa panayamba kugwedezeka. Amayi anapatuka. Anatuluka Anatembo, akazi a malemu, atagwiriridwa ndi amake Tereza. Namfedwa satulukatuluka chisawawa, ndiye anthu onse anatembenuka. Amake Tereza sanandiyang'ane n'komwe. Anatembo anafika pamene ndinagwada, maso otupa, mawu osasa.

"Alamu, asiyeni. Akulu anu ananeneratu."

Anamasula mfundo pa ngodya ya chitenje chawo. M'menemo munali kamphete kamkuwa. Anafotokozera anthu kuti a Sakala atatenga galimoto, a Daka anaitanitsa chitini chawo pamphasa pomwe anagona, anafufuza ndi dzanja limene linkagwirabe ntchito, anatulutsa kamphete n'kuwapatsa kuti asunge. Anawauza kuti asewere abwera kudzapempha kameneka, ndipo akabwera awaphikire tiyi wamkaka, awachedwetse, acheze. Koma akapanda kubwera, ndiye kuti amanga ndi legeni, ndipo tsiku limene adzalowe msewu wafumbi mudzi wonse udzawamva asanafike.

Anatembo anandiyang'ana. "Asewere, munamanga ndi chiyani?"

Ndikananama. Palibe akanakwawira pansi pa galimoto kukaona.

"Legeni," ndinatero.

Kumbuyo kwa mitengo ya mango wina anatsokomola, koma sikunali kutsokomola. Wina wa kwaya anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Anatembo anayamba kuseka, phewa likugwedezeka, ndipo kusekako kunasanduka kulira, amake Tereza anawagwira. Ali mkati molira anandiikira kamphete m'dzanja n'kulipinda.

"Lamlungu lomweli anafunsa ngati mwabwera."

Pa zonse za tsiku limenelo, mawu amenewo ndi amene sanandichoke.

A Lukasi anali ataimabe, nkhope ili gwa. Mlandu unali utafooka koma unali usanafe. Amene anaumaliza ndi Bana Mulenga, mayi wa Chibemba wogulitsa nsomba zouma kumsika, amene sasowa pa maliro a anthu a kuno. Abemba ndi ife a Kum'mawa tili pa chimbuya: pa maliro athu iwo amatinyoza, amatipaka ufa, ndipo kukwiya n'koletsedwa. Mayi ameneyu anabwera akukoka mapazi, anatapa ufa wa m'thumba long'ambika lija ndi manja awiri, anandikhuthulira pamutu. Anatapanso, anandipaka kumaso, m'khosi, pa suti yonse. Uku akupaka, uku akulalikira kuti anthu odya mbewa ndi otere, mnzawo akafa amabwera ndi ambulansi mochedwa, ndiponso kuti chipepeso changa afuna aone ngati ndi ufa weniweni. Anatenga chipewa changa n'kuvala yekha.

Bwalo lonse linaseka. Munthu amene wapakidwa ufa ndi mnzake wa chimbuya nkhani yake yasanduka nthabwala, sungamuimbenso mlandu tsiku limenelo. A Lukasi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akudziletsa kuseka. Anangoti ndidzuke, ndikakhale pa benchi ya abale, ndisakhudze kanthu kalikonse. Akatekisti anatola batani la hutala, anandipatsa, anatsegulanso buku.

Ndinakhala woyera mbuu mwambo wonse. Kusasa ufa wa chimbuya maliro asanaikidwe n'kulakwa kwina, ndipo ine zolakwa zinali zitandikwana. Ndinayenda choncho kumbuyo kwa bokosi mpaka kumanda. Kumeneko, abale atathira dothi, Anatembo anatuma uthenga kuti ndinenepo mawu m'malo mwa amakaniko. Ndinaimirira, ufa ukugwa m'zikope. Ndinati ndagwira ntchito ya magalimoto moyo wanga wonse, ndipo injini imene ndabwera nayo lero ikuyenda bwino kuposa ina iliyonse imene ndinaimvapo. Ndinakhala pansi. Ena anayembekezera kuti ndipitiriza. Zinali zokwanira.

Titabwerako kumanda Tereza anandibweretsera madzi m'beseni kuseri kwa nkhokwe. Sanabwere yekha. Alamu ake awiri aakazi anamuperekeza, wina atanyamula sopo, wina thaulo, akumugwira paphewa n'kumamuseka kuti atate ake ndi mkwatibwi wa chaka chino. Iye ankaseka nawo. Nditaona zimenezo m'pamene ndinapuma bwino koyamba kuchokera pa mjigo paja.

Atachoka anzakewo, anagwada, anandithirira madzi m'manja.

"Atate, mukanangopita kukapempha."

Ndinamuuza kuti pa phula legeni inagwira bwinobwino, vuto ndi msewu wa kwawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mmene amayang'anira amake.

"Sambani, Atate."

Ndinasamba.

Galimoto inagona kumeneko masiku awiri. Loweruka ndinapita pa minibasi ndi mawaya atsopano, ndinagona chagada pansi pake. Amene anandigwirira chiwongolero ndi a Lukasi. Sitinakambe zambiri, koma pomaliza anandiuza kuti za mkulu wawo ndinanena bwino. Za kukhala pansi kukambirana za Tereza palibe anazitchulanso. Mwana wanga akadali pamudzi pomwepo, ndipo mwezi watha apongozi ake anamutuma kudzatipatsa mtedza.

Amake Tereza amauza anzawo kuti ndaphunzira kupempha. Sindikudziwa. Munthu amene ndikanamupempha kanthu anapita, ndipo amakaniko otsala m'Chipata muno palibe chimene angandiuze. Chimene ndasintha n'chimodzi. Masiku ano kumaliro ndimapita pa njinga, ndipo belu ndinachotsa.